Feteleza wa Kumunda Si Mankhwala a Galimoto ya Dizilo

Nyengo yokolola ikafika, galimoto ya kopaletivi sipuma. M'mawa imatuta matumba a soya, madzulo imathamangira ndi wodwala kuchipatala. Ndiye tsiku lina dalaivala amaona uthenga wa m'Chingerezi pa dashibodi wotchula AdBlue, uli pamodzi ndi nambala ya makilomita. Poti injini ikulira bwinobwino, iye amangopitiriza ulendo. Nambala ija imanka itsika tsiku ndi tsiku mpaka kufika pa ziro, ndipo m'mawa wotsatira galimoto imakana kulira. Batire lili bwino, dizilo alimo, koma injini ili duu. Panja matumba aunjikana, ndipo mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo podziwa kuti mlimi wosowa mayendedwe sachedwa kugonja pa mtengo.

Pa nthawi yotere sipalephera kupezeka munthu wobwera ndi nzeru. Iye adamva kuti AdBlue ndi yureya wosungunula m'madzi basi, nanga feteleza wa yureya si uyo wangokhala m'nyumba yosungiramo katundu? Nzeruyi ili ndi kachoonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ili yoopsa. Vuto limene likadatha ndi chigubu chimodzi cha madzi oyenera limasanduka lofuna zipangizo zoitanitsa kunja.

Madzi amenewa ndi otani?

Injini ya dizilo ikamagwira ntchito imatulutsa mpweya woipa wotchedwa NOx, umene umapweteka mapapo ndi kukulitsa mphumu. Pofuna kuuchepetsa, maiko a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo a utsi. Malole ambiri akumeneko adayamba kugwiritsa ntchito AdBlue cha m'ma 2005. Lamulo la Euro 6 lidayamba kukhudza magalimoto onse atsopano ang'onoang'ono mu September 2015, ndipo mapikapu ndi mavani akuluakulu adatsatira mu September 2016. Lero magalimoto a zaka zimenezo ndi amene akugulitsidwa ngati ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Britain ndi kwina, n'kufika ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ambiri amagulidwa ndi anthu amene sadauzidwe kuti galimotoyo ili ndi thanki yachiwiri.

AdBlue, amene kwina amamutcha DEF, si mafuta ndipo salowa mu injini. Ngakhale chitsekerero cha thanki yake chimakhala cha buluu, madziwo ndi oyera mbee. Pa magawo 100 alionse, 32.5 ndi yureya woyengedwa bwino ndipo 67.5 ndi madzi ochotsedwa mchere wonse, malinga ndi muyeso wa ISO 22241. Pampu imakoka madziwa kuchokera m'thanki, nozo n'kuwafaira m'paipi ya utsi. Kutentha kwa utsi kumasandutsa yureya kukhala amoniya. Kenaka zonse zimadutsa m'chipangizo chimene mkati mwake chili ngati chisa cha njuchi, chomwe amakaniko amachitcha katalisiti ya SCR, ndipo m'menemo mpweya woipa uja umasanduka naitirojeni ndi nthunzi ya madzi. Masensa a NOx amauza kompyuta ya galimoto ngati ntchitoyi ikuyenda.

Galimoto yaing'ono imatha pafupifupi lita imodzi kapena imodzi ndi theka pa makilomita 1,000, pamene lole imatha malita 3 mpaka 5 pa malita 100 alionse a dizilo. Malamulo a ku Ulaya amati galimoto yaing'ono ichenjeze dalaivala kutatsala makilomita 2,400 kuti madziwa athe, ndipo akatheratu isalirenso ikazimitsidwa. Lole ya Euro VI imayamba yachepetsa mphamvu, kenaka imakwawa pa liwiro la makilomita 20 pa ola. Tsono galimoto yokana kulira chifukwa cha AdBlue siidafe injini ayi. Yangochita zimene idapangidwira.

Chifukwa chake feteleza sangalowe m'malo

N'zoona kuti yureya wa m'thumba la feteleza, wokhala ndi magawo 46 a naitirojeni pa 100, ndi mtundu umodzi ndi wa mu AdBlue. Kusiyana kwagona pa ukhondo. Timibulu ta feteleza timathiridwa mankhwala oletsa kuti tisaumbike, ndipo timakhala ndi zitsotso zina zimene chimanga sichidandaula nazo koma zimatseka nozo ndi kumata tizibowo ta katalisiti. Madzi a pa mjigo kapena a pampopi nawo amakhala ndi laimu, chitsulo ndi michere ina. Muyeso wa ISO 22241 sulola kashiamu kapena chitsulo kupyola theka la miligalamu pa kilogalamu imodzi ya AdBlue, mlingo umene madzi akumwa, ngakhale ooneka oyera bwanji, amaupyola kutalitali. Michere imeneyi ikakakamira mu katalisiti siichoka.

Komanso magalimoto ambiri ali ndi sensa yoyeza kulimba kwa madziwa. Munthu akathira madzi wamba kuti anamize kompyuta, pakapita kanthawi imazindikira ndipo imayambanso kuwerenga makilomita otsala.

Zimene zidachitika ku South Korea mu 2021 zikuonetsa kuti yureya wa galimoto sapezeka mwachisawawa. Dziko la China, kumene kunkachokera pafupifupi yureya yense wa ntchitoyi, litakhwimitsa katumizidwe kake kunja mu October chaka chimenecho, madalaivala a malole adayamba kufola pa mizere italiitali. Mu November boma la South Korea lidachita kutumiza ndege ya asilikali ku Australia kukatenga malita 27,000. Dziko lolemera, lodzaza ndi mafakitale, lidavutika chotero pofuna yureya woyengedwa moyenera.

Kufufuza vuto mwadongosolo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama zambiri zimaonongeka chifukwa chothamangira kugula pampu kapena sensa yatsopano vuto lenileni lisanadziwike. Makaniko wabwino amayambira pa zinthu zotsika mtengo.

Choyamba ndi kuona ngati madziwo alimo. Ngati atha, pamafunika kuthira okwanira, osati kabotolo kamodzi, chifukwa magalimoto ambiri sazindikira pokhapokha atalandira malita anayi kapena asanu. Buku la galimoto limanena mlingo wake. Akatha kuthira, dalaivala atembenuze kiyi osaliza injini ndi kudikira pafupifupi theka la mphindi kuti kompyuta iwerenge mlingo watsopano. Thanki isadzazidwe mpaka pakamwa, poti kutero kumasokoneza sensa ya mlingo m'magalimoto ena.

Chachiwiri ndi kuyeza ubwino wa madziwo. Pang'ono atathiridwa m'botolo loyera ayenera kuoneka ngati madzi akumwa, opanda zitsotso ndi mafuta oyandama. Kachipangizo ka m'manja kotchedwa refractometer kamaonetsa kulimba kwake ndi dontho limodzi lokha, ndipo ayenera kukhala pakati pa 31.8 ndi 33.2 pa 100. Ngati sakukwana, thanki ikhuthulidwe, itsukidwe ndi madzi opanda mchere, n'kuthiramo atsopano.

Chachitatu ndi kuyang'ana ndi maso. AdBlue akauma amasiya zoyera zangati mchere kapena choko, ndipo zoyerazo ndi mboni yosanama: pamene zaunjikana ndi pamene pakudontha. Nozo ikamasulidwa pa paipi ya utsi nthawi zambiri imapezeka itatsekeka ndi zomwezo. Vutoli limakonda magalimoto oyenda timaulendo tatifupitifupi kapena ongolira ataima kwa nthawi yaitali, chifukwa utsi sutentha kufika pafupifupi madigiri 200 amene amafunika kuti yureya asanduke bwino. Zoyerazi zimasungunuka ndi madzi ofunda, ndipo nozo siyenera kutokosoledwa ndi waya kapena singano. Pa misewu yafumbi ndi yamabampu, mafyuzi, mawaya ndi mapulagi a pansi pa galimoto ayang'anidwenso. Waya wothethekera pa chitsulo, kapena wodyedwa ndi makoswe m'galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe, umapangitsa sensa yabwinobwino kuoneka yakufa.

Chachinayi ndi kulumikiza makina owerengera kompyuta ya galimoto. Nambala ya P203F imanena za kuchepa kwa madzi m'thanki, P207F za ubwino wake, P20E8 za kufooka kwa mphamvu yokankhira madziwo, ndipo P20EE imanena kuti utsi sukuyeretsedwa mokwanira. Komabe nambala imangoloza dera limene muli vuto, sikuti imatchula chipangizo chogula. P20E8 ingachokere ku sefa yotsekeka kapena paipi yodontha pampu ili yabwino. P20EE ingachokere ku nozo yotsekeka, madzi osalimba, sensa yonama, chibowo pa paipi ya utsi kapena injini yotentha oyilo. Katalisiti, imene ili yokwera mtengo kuposa zonse, iyenera kukhala yomaliza kuiganizira. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makaniko kuti wayeza chiyani, ndi kuona yekha mmene nozo ikufaira, asanavomere kugula chilichonse. Kungofufuta nambala pa kompyuta si kukonza, pakuti imabweranso.

Kutentha kwa kuno ndi kasungidwe

Ku Ulaya mdani wamkulu wa AdBlue ndi chisanu, chifukwa amaundana pa madigiri 11 kunsi kwa ziro, ndipo n'chifukwa chake thanki ili ndi chotenthetsera. M'chigawo chino kuzizira kotero kumapezeka m'malo ochepa, monga m'mapiri a ku Lesotho, komabe chotenthetseracho chikafa kompyuta imadandaula ngakhale galimoto ili ku Nsanje. Mdani weniweni kuno ndi dzuwa. AdBlue wosungidwa pa madigiri osapyola 25 amakhala miyezi 18, pa madigiri 30 miyezi 12, ndipo pa madigiri 35 miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ku Chikwawa, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa, kumene kutentha kwa mu October ndi November kumapyola madigiri 40, chigubu chosiyidwa padzuwa kapena m'nyumba ya malata yotsekeka chimafooka msanga. Wogula ayang'ane tsiku limene adapangidwa, chidindo cha ISO 22241 ndi chitsekerero chosamatulidwa, ndipo apewe wopungulidwira m'mabotolo a m'mbali mwa msewu.

Madziwa amadya mkuwa, zinki ndi chitsulo wamba. Choncho asungidwe m'chigubu chake chapulasitiki, ndipo fanulo yothirira ikhale yakeyake, yosakhudzana ndi dizilo kapena oyilo.

Kulakwitsa thanki ndi ngozi ina. AdBlue akathiridwa m'thanki ya dizilo, kapena dizilo m'thanki ya AdBlue, kiyi asatembenuzidwe n'komwe, chifukwa pampu imayamba kukoka injini isanalire. Galimotoyo ikokedwe kupita ku galaja kuti thanki ikakhuthulidwe. Kutaya dizilo wa thanki imodzi n'kopepuka poyerekeza ndi kugula pampu ndi manozo a injini.

Nanga kungochotsa zonsezi?

M'matauni muli amakaniko amene amalonjeza kuthetsa vutoli mpaka kalekale posintha pulogalamu ya kompyuta kuti iiwale za AdBlue. Kwa kopaletivi imene ili kutali ndi kogula madziwa, chiyeso chimenechi n'chachikulu ndithu, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Komabe mtengo wake ulipo. Ku Britain ndi ku Ulaya kuyendetsa galimoto yotere pa msewu n'kuphwanya lamulo. Pulogalamu yosinthidwa mosadziwa ingabise mavuto ena a injini kufikira atakula. Ndipo utsi umene sukuyeretsedwawo supita ku Ulaya ayi, umapumidwa ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ana a sukulu okwera kumbuyo ndi odwala odikira pa chipatala pamene galimoto ikulira itaima. Mu 2012 nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa idaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Bungwe lophunzitsa anthu za ukhondo ndi umoyo likamafuna kuchotsa chipangizo chochepetsa kuipa kwa utsi, liyambe ladzifunsa ngati likuchita zimene limaphunzitsa.

Walira mvula walira matope. Komiti imene ikufuna kugula pikapu, lole kapena thirakitala ya dizilo yochokera kunja iyambe yafunsa ngati ili ndi thanki ya chitsekerero cha buluu, kumene AdBlue amagulitsidwa pafupi, ndi makaniko amene ali ndi makina owerengera mtundu umenewo wa galimoto. Ngati mayankho palibe, ndi bwino kusankha galimoto ina. Ngati yagulidwa kale, AdBlue alowe mu bajeti monga amaloweramo oyilo ndi matayala, chigubu chimodzi chosatsegula chizikhala pa mthunzi nyengo yokolola isanayambe, ndipo dalaivala azilemba m'buku la maulendo tsiku limene uthenga uliwonse waonekera pa dashibodi. Makilomita 2,400 ndi okwanira kuti msungichuma atulutse ndalama ndi kutuma munthu ku tauni. Feteleza wa yureya asiyidwe m'thumba lake, adikire chimanga.