Mchenga wa ku Kasiya utitsukirenso madzi





Kuno ku Mvera ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, mjigo ukangowonongeka amayi amabwerera ku zitsime za m'madambo. Madambo omwewo ndi amene timalimamo tomato ndi kabichi, ndipo mankhwala opopera mbewu, kuphatikizapo a fodya ochokera kumtunda, amakokoloka ndi mvula n'kutsikira komweko. Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa amapha tizilombo, ndipo tisamunyoze. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinamuiwale. Koma klorini sanapangidwire kuchotsa mankhwala a m'munda, ndipo ambiri mwa mankhwalawa kuwiritsa sikuwachotsa, kumangotha nkhuni.

Njira ina ilipo imene akatswiri akhala akuiyesa kwa zaka zambiri. Mu 1972 anthu awiri a ku Japan, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, anaonetsa kuti chinthu china chotchedwa titanium dioxide chikawombedwa ndi kuwala chimagwira ntchito pa madzi amene chakhudzana nawo. Chinthuchi si chachilendo ayi, ndi ufa woyera uja umene umachititsa penti kukhala woyera mbee. Pambuyo pake anzawo anapeza kuti dzuwa likauwomba ufawu uli m'madzi, pamwamba pake pamabadwa mphamvu yoswa mankhwala ophera tizilombo, utoto wa nsalu ngakhalenso tizilombo toyambitsa matenda. Ntchito ikatheka bwino chimatsala ndi madzi, timchere pang'ono ndi mpweya wonga umene timatulutsa popuma. Chokoma n'chakuti ufawo sukutha, mawa ugwiranso ntchito. Amaupanga wosalala kwambiri, kanjere kamodzi kuchepa kuposa tsitsi la munthu kopitirira ka 1,000, pa chifukwa chimene mayi aliyense amachidziwa: nkhuni zowaza zimayaka msanga kuposa chipika.

Nanga ife a kumudzi zikutikhudza bwanji? Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza kuti ku Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe, kuli mchenga wa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya. Rutile ameneyu ndiye titanium dioxide amene ndikunenayu. Dongosolo lawo ndi loti azidutsa pa njanji kupita ku doko la Nacala. Tidzangoimika manja m'chiuno n'kumaona sitima ikupita, ana athu akumwa madzi a m'dambo?

Ndisanamize anthu. Sikuti munthu angakatape dothi ku Kasiya n'kuthira m'ndowa. Mchengawo uyenera kuyengedwa ndi kukonzedwa mwaluso, pakuti mtundu wa titanium dioxide wogwira bwino ntchitoyi si rutile wongokumba. Ufawu umagwiritsa ntchito kachigawo kochepa ka kuwala kwa dzuwa, pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse. Madzi amatope amatchinga kuwalako, choncho ayenera kusefedwa kaye. Ufawo uyeneranso kumatidwa pa galasi kapena pa mbale kuti tisamwere kumodzi. Ndipo madzi amchere sungawasandutse okoma. Wina akabwera pa msika ndi timapaketi kunena kuti ndi mankhwala a dzuwa, mfunseni chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards.

Koma zovuta zimenezi ndiye ntchito ya anthu ophunzira. Tili ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre ndi LUANAR ku Bunda. Ine ndikupempha boma kuti pokambirana ndi eni mgodi, liikemo mfundo yoti ndalama ina ipite ku masukulu amenewa kuti ana athu aphunzire kupanga ufawu ndi kuuyesa pa madzi athu. A Polytechnic, amene tsopano ndi MUBAS, anayesapo kale ku Chikwawa ndowa zoonekera mkati za malita 20 zoyeretsera madzi ndi dzuwa lokha. Anachita bwino. Komabe dzuwa la ku Chikwawa si dzuwa la ku Ntchisi. Kuno mu Juni ndi Julayi mitambo imatha kuphimba mapiri tsiku lonse, ndiye abwere adzayesenso kuno, pa sukulu ya pulaimale kapena pa chipatala chaching'ono pamene anthu angaone ndi maso.

Podikira zimenezo, abusa ndi ansembe, inu amene anthu amakumverani pa Sabata, mungathe kulengeza izi pa zidziwitso: madzi oyera osefa, othiridwa m'botolo la pulasitiki loonekera mkati losapitirira malita awiri, akagonekedwa pa denga la malata padzuwa maola 6 tizilombo tambiri totsekula m'mimba timafa. Kukakhala mitambo, akhale masiku awiri. Izi zimathandiza pa tizilombo pokha. Za mankhwala a m'munda, mafumu aletse anthu kutsukira zopopera pafupi ndi zitsime.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mvera, Dowa.