Wozembetsa anthu masiku ano amalowera pa foni

Tikamva za kuzembetsa anthu, ambiri timaganiza za munthu wachilendo wobwera usiku ndi galimoto. Koma amene amatenga ana athu kawirikawiri amabwera masana, ndi mawu okoma, ndipo masiku ano amayamba ndi uthenga wa pa Facebook kapena WhatsApp.

M'chaka cha 2024, wailesi ya BBC idaulula nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena a iwo kudzera pa Facebook. Atafika adalandidwa mapasipoti, ankagwira ntchito usana ndi usiku, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Kumeneko wantchito saloledwa kusiya bwana wake popanda chilolezo, ndipo mabwana ankafuna ndalama zambiri kuti awamasule.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Msewu wodutsa pa Mpingu ndi Namitete umakafika ku Mchinji mpaka kuchipata cha Mwami, kulowera ku Chipata. Anyamata amatengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukalima fodya m'maesiteti, atsikana kukagwira ntchito zam'nyumba kapena m'mabala mumzinda wa Lilongwe. Kaya ndi ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma, nyambo yake ndi imodzi: malipiro abwino, thiransipoti yaulere, sukulu adzapitiriza komweko.

Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limati wozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21, ndipo mlandu ukakula ndi moyo wonse. Mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kunena kuti "adavomera yekha" sikupulumutsa womutengayo, ngakhale akhale malume ake. Koma lamulo limagwira ntchito munthu akadandaula, nthawi zambiri mwana atapita kale.

Nchifukwa chake ndikuona kuti nkhaniyi tisaisiyire apolisi okha. Ndi nkhani ya zaumoyo. Obwerako amabwera ndi matenda opatsirana pogonana, mimba zosayembekezera, mabala, kunyentchera komanso maganizo ofuna kudzipha. Ndipo palibe amene amadziwa makomo kuposa alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya. Inu mumadziwa nyumba imene muli ana asanu. Mukapeza anayi, funsani kuti winayo ali kuti, adapita ndi ndani, ndipo adayankhula liti ndi amayi ake. Funso lotere si miseche, ndi gawo la ntchito yanu monga sikelo ndi katemera.

Ena adzati umphawi ndiwo ukuthamangitsa achinyamata, tsono tiwaletse bwanji kukasaka ntchito? Nzoona, chaka cha njala mawu okha sadzaza nkhokwe. Sindikunena kuti wamkulu asapite. Ndikuti apite maso ali otsegula. Aone kalata ya mgwirizano wa ntchito asananyamuke, afunse ku ofesi ya zantchito ya boma ngati wolembayo ndi wodziwika, asiye kunyumba fotokope ya pasipoti ndi adiresi ya komwe akupita, ndipo a mfumu adziwe. Wokuuzani kuti musauze aliyense, kapena kuti pasipoti asunga ndi iye, ameneyo ndi woopsa. Koma mwana wa sukulu asapite n'komwe.

Pali msampha wina womwe sufuna ulendo. Munthu amacheza ndi mtsikana kapena mnyamata pa foni, kumutumizira mayunitsi ndi kandalama, kenako n'kupempha chithunzi chamaliseche. Akachilandira amayamba kuopseza kuti achimwaza pokhapokha alandire ndalama kapena akumane. Makolo, mwana akakuululirani zotere, musathamangire chikwapu. Mwana woopa kumenyedwa amabisa, ndipo woopsezayo amadalira mantha omwewo. Musalipire, chifukwa akalandira amafunanso zina. Musafufute mauthenga, ndiwo umboni. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa mchitidwewu.

Kadandauleni ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit kupolisi yapafupi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ngati mwana wagwiriridwa, fikani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, komanso oletsa mimba mwadzidzidzi. Musadikire kuti akuluakulu akambirane kaye kumudzi, maolawo sabwerera.

Obwerako nawo tiwalandire bwino. Tikamawaseka kuti adapita kukatola chuma n'kubwera chimanjamanja, amakhala chete, ndipo wozembetsa uja amabweranso m'mudzi momwemo kudzatenga wina. Pa 30 July dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mchitidwewu, koma nkhaniyi ikambidwe mwezi uliwonse: pa sikelo ya ana, pa banki ya m'mudzi ndi pa msonkhano wa makolo kusukulu.