Chambo sichikutha chokha, tikuchimaliza ndife

Mwezi wa Disembala, titangomaliza mayeso, tinasonkherana anthu asanu n'kukwera minibasi ku Lilongwe kupita ku Senga Bay. Titasambira mpaka njala kutiwawa, tinalowa m'kalesitilanti kena kofolera ndi udzu m'mphepete mwa nyanja. Panalibe woyang'ana menyu. Aliyense anangoti, "Chambo ndi nsima, achimwene."

Mbale zitafika ndinaona kuti tinsomba take n'tosakwana n'chikhatho chomwe. Kumeneko amati kasawala, chambo chimene sichinakule n'kuswako. Ndinafunsa woperekera chakudya uja kuti, "Achimwene, nthawi ino si yotseka nyanja kodi?" Anangomwetulira n'kuyankha kuti, "Bwana, alendo akabwera amafuna chambo. Tikanena kuti palibe, amapita pena." Mnzanga wina, amene kusukulu amatsogolera gulu losamalira zachilengedwe, anandigwira phewa: "Aise, idya. Yafa kale imeneyi."

Ndinadya, sindibisa. Koma mawu akuti "yafa kale" akundivutitsabe, chifukwa ndi bodza limene ophunzirafe timadzitonthoza nalo. Nsomba ya m'mbale yanga inafadi kale, koma ndalama imene ndinalipira ndi imene inatuma msodzi kukaponyanso khoka m'mawa mwake.

Chambo sichiswana ngati usipa. Chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa chimawasungabe m'kamwa momwemo mpaka atakhwima. Nthawi imeneyi chimakhala m'madzi osaya, momwe makoka a m'mbali mwa nyanja amakokedwa. Ukagwira chimodzi wapha banja lonse. N'chifukwa chake boma limaletsa makoka oterewa pa nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Zonsezi ena a ife tinazilemba pa mayeso n'kukhoza bwino. Tikafika pa tebulo, nzeru zija timazisiya m'kope.

Pa Facebook timakonda kunyoza asodzi kuti ndi mbuli zogwirira nsomba masikito. Koma pitani ku chilumba cha Mbenji, m'boma lomweli la Salima, m'dera la mfumu Makanjira. Kumeneko anthu akhala akutseka okha usodzi m'nyengo ya dzinja kwa zaka zambirimbiri, n'kudzatsegula cha mu Epulo, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi mfumu ndi komiti yake. Anthu amene moyo wawo wonse uli pa nsomba amatha kupirira miyezi ingapo. Ife a madigiri tikulephera kupirira nkhomaliro imodzi. Mbuli ndani pamenepa?

Ndikudziwa zimene ena munene. Mukuti msodzi ndi wosauka, tikasiya kugula ana ake agona ndi njala. N'zoona kuti zinthu zathina, makamaka chigwere kwacha mu Novembala 2023. Koma amene amapha ndalama pa kasawala si msodzi. Iye amagulitsa motchipa m'bandakucha, mwini lesitilanti n'kudzatitchaja ife mtengo wa alendo. Ndipo chambo chikadzatheratu, ife tidzangosintha n'kumaitanitsa nkhuku ndi tchipisi. Wotsala padzuwa adzakhala msodzi yemweyo.

Ena mukuti imeneyi ndi ntchito ya boma. Inde, lamulo la usodzi lilipo, makomiti a m'madoko aliponso, ndipo a nthambi ya za nsomba ayenera kumayenderanso makhitchini, osangolanda maukonde a amphawi okha. Koma palibe wapolisi amene adzaime pa tebulo lililonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi. Pa tebulopo pamakhala iwe ndi ine, chikwama chili m'manja mwathu.

Sindikunena kuti tisiye kupita kunyanja kapena kudya nsomba. Pitani ndithu, eni malowa akufuna ndalama zathu. Koma funsani musanaitanitse. Chambochi n'cha m'nyanja kapena choweta m'maiwe? N'chachikulu bwanji? Ngati ndi kasawala, kanani, ndipo muwauze chifukwa chake mwaulemu. M'miyezi yotseka idyani zina, ngakhale nsima ya nyemba simupha. Woperekera uja ananena yekha kuti amagulitsa zimene alendo akufuna. Alendowo ndife. Magulu khumi a ophunzira atakana kasawala Loweruka limodzi, mwini lesitilanti angamve msanga kuposa momwe angamvere chikalata cha boma.

Tsiku lija tinajambulitsa mbale zathu n'kuika pa WhatsApp, anzathu otsala kusukulu n'kumatisirira. Chithunzicho ndikadali nacho m'foni. Ndikachiyang'ana ndimawerenga tinsomba tisanu timene sitinaswepo ngakhale kamodzi, ndipo kamodzi mwa ito ndinadya ndine. Ulendo wotsatira ndikakana, ngakhale anzanga andiseke kuti ndikudzimva.