Njinga pa chitunda cha Thabwa



Inu a kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, njinga mumaidziwa ngati yonyamulira nsomba ndi mpunga. Ku Chigwa cha Shire nakonso njinga ndiyo galimoto ya aliyense, ndipo akabaza ali ponseponse pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Koma chigwachi chili ndi mapiri m'mbali mwake, ndipo pali anyamata amene amapalasa kukwera mapiriwo osati pofuna ndalama ayi, koma chifukwa chowakomera basi. Makolo ena amati ndi misala. Tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

Mukawoloka mlatho wa Kamuzu ndi kudutsa pa Thabwa, msewu wa M1 umayamba kukwera mokhotakhota. Chikwawa ali pamamita pafupifupi 100 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pamamita pafupifupi 1,000. Ku Nsanje kulinso njira yokwera kumapiri a ku Chididi. Masewera opalasa njinga m'mapiri anayamba kutchuka ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, ndipo analowa m'mipikisano ya Olympics mu 1996. Njinga zake zimakhala ndi magiya ambiri, matayala onenepa okhakhala ndi masipuling'i, ndipo zambiri zimatipeza kudzera m'kaunjika.

Nanga chimawasangalatsa n'chiyani? Choyamba ndi kukwera kumene. Miyendo imawawa, thukuta lili kamukamu, koma kona iliyonse mpweya umanka nuzizira, kutentha kwa m'chigwa n'kutsala m'mbuyo. Kanthu n'khama. Chachiwiri ndi zimene maso amaona pamwamba: mtsinje wa Shire ukuyenda ngati njoka, ndi minda ya nzimbe yobiriwira mpaka kutali. Chachitatu, chimene ambiri amachikonda kopambana, ndi kutsetsereka. Mphepo imaomba kumaso, maso ali panjira kusankha podutsa pakati pa miyala, ndipo nkhawa zonse zimaiwalika.

Chisilamu sichiletsa chisangalalo chotere. Thupi lamphamvu ndi mphatso ya Allah. Ndipotu Maswahaba anatisiyira njira yoyendera m'mapiri. Jabir bin Abdullah (R.A.) anafotokoza, monga zilili mu Sahih al-Bukhari, kuti iwo akamakwera ankachita Takbir, ndipo akamatsika ankachita Tasbih. Taonani nzeru yake: ukafika pamwamba mtima umafuna kudzitama, choncho ukumbuke kuti wamkulu ndi Allah. Ukamatsika liwiro limaledzeretsa, choncho lilime likhale pa kumuyeretsa Iye.

Koma thupi lomwelo ndi amana, ndipo tidzafunsidwa za ilo. Chitunda chotalika chimatenthetsa mabuleki mpaka mphira wake kuleka kugwira bwino. Tsoka silinunkha. Mnyamata aone mabuleki onse awiri asananyamuke, asafinye akutsogolo okha potsika, avale chipewa choteteza mutu, ndipo atenge madzi okwanira, makamaka m'miyezi ya October ndi November. Chizolowezi chogwira kumbuyo kwa lole pokwera chitunda ndi kudziponya dala m'chionongeko. Aonetsetsenso kuti chovala chake chabisa kuyambira pamchombo mpaka m'maondo, ndi kuti nthawi ya Swala isamudutse ali panjira.

Tsono inu makolo, mwana akakupemphani kuti apite kumapiri ndi anzake, musafulumire kumukaniza. Mwana woletsedwa chilichonse amapita mozemba, pa njinga yobwereka yomwe sanaiyese. Khalani naye pansi, yesani mabuleki ndi manja anu, mudziwe amene akupita nawo ndi nthawi yobwerera, ndipo mumuphunzitse duwa ya paulendo. Akabwerako mumufunse zimene waona, kuti nanunso mutamande nawo Mlengi.

Allah atisunge ife ndi ana athu m'maulendo onse. Ameen.