NKHANU NAYO IMAMVA KUWAWA

Anzanga, ndikudziwa kuti ena mwaseka kale mutangowerenga mutuwu. Sekani, koma werengani mpaka kumapeto.

Loweruka lina m'nyengo ya dzinja, ine ndi mng'ono wanga tidapita kumtsinje wa Nathenje kukagwira nkhanu. Tidafukula m'mauna ndi pansi pa miyala mpaka tidapeza zokwana khumi ndi ziwiri. Tidaziponya m'ndowa youma n'kuzisiya padzuwa, ife n'kumasewera mpira wachikulunga. Pobwerako tidapeza zina zikutuluka thovu kukamwa, zinayi zitauma gwaa. Sitidasankhe ayi. Zonse, zamoyo ndi zakufa zomwe, tidazikhuthulira mumphika wamadzi owira. Zamoyozo zidayamba kukanda mphika, kwee kwee, zina mpaka kuthothoka miyendo. Ife tinkangoseka.

Usiku umenewo mng'ono wanga sadagone, m'mimba mudamuvuta koopsa. M'mawa agogo atamva zomwe tidachita adandifunsa kuti, “Iwe, nkhuku yofa yokha udaionapo ikulowa mumphika pakhomo pano? Nanga yamoyo udaiona ikuphikidwa ndi nthenga zake ikulira?” Ndidasowa choyankha.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi akuti: ngati tikufuna kudya nkhanu, tiziisunga bwino ndipo tiziipha msanga tisanaiphike.

Tiyeni tione mmene nkhanu imafera. Mu Biology tidaphunzira kuti nsomba imapumira ma gills. Nkhanu nayo ili nawo, obisika m'kati mwa chigoba. Imatha kukhala kumtunda malinga ngati ma gills ali onyowa. Akauma, imabanika pang'onopang'ono kwa maola angapo. Ukaziunjikanso zambiri m'ndowa yodzadza madzi osayenda, mpweya umatha m'madzimo, zimafanso chimodzimodzi. Ndiye ikangofa, tizilombo ta mabakiteriya timachulukana mwachangu m'thupi mwake, makamaka kukatentha. Nyama yake imaola msanga kuposa ya mbuzi. N'chifukwa chake yofa yokha ndi yotaya basi.

Nanga kuwawa imamvadi? Akatswiri a ku London School of Economics adafufuza nkhaniyi ndipo mu 2021 adanena kuti pali umboni wamphamvu woti nkhanu zimamva ululu. Chaka chotsatira, mu 2022, dziko la Britain lidaziika m'lamulo lake la zinyama zomwe zimamva. Ku Switzerland kuyambira 2018 n'koletsedwa kuponya nkhanu yamoyo m'madzi owira usanaikomole. Koma kunena zoona, ine sindidafunikire Mzungu kuti andiuze. Phokoso la mumphika lija lidandiuza kale.

Mnzanga wina wa ku Mitundu, yemwe timakhala desiki imodzi, adanditsutsa. Akuti, “Aise, ndiwo zikusowa kumudzi, iwe ukulirira nkhanu? Zimenezo n'za anthu okhuta.” Mfundo yake ndikuimva. Tonsefe timadziwa kuyenda makilomita angapo kubwera kusukulu m'mimba muli pululu. Ine sindikunena kuti tisiye kudya nkhanu. Ndiwo ndi ndiwo. Koma kodi chifundo chimagulidwa ndalama zingati? Chomwe chikufunika ndi udzu wonyowa ndi msomali umodzi wosongoka. Komanso amene wasunga nkhanu zake zamoyo ndiye amadya zonse. Ife tidataya zinayi, n'kuwonjezapo tsiku lathunthu la mwana akubuula pamphasa.

Mmene ndimachitira tsopano ndi motere. Ndikagwira, ndimaziika m'ndowa momwe ndayalamo udzu wonyowa, n'kuziika pamthunzi. Sindichedwa nazo kudambo. Pofika kunyumba, iliyonse yomwe sikugwedeza miyendo ndimataya. Yamoyo ndimaigoneka chagada, ndimatukula kachivindikiro ka kumimba kwake, n'kubaya ndi msomali pakadzenje kali pamenepo, kenako n'kubayanso kutsogolo pafupi ndi kamwa, pakati pa maso. Malo awiriwa ndi pomwe pamakumana mitsempha yake ikuluikulu. Miyendo imangoti lobodo nthawi yomweyo. Ndikatero ndimatsuka n'kuphika pompo mpaka ipsetse.

Chinanso: mukatukula kachivindikiro kaja muli kumtsinje n'kupeza mazira kapena tiana tating'onoting'ono, imeneyo ndi mayi. Ibwezereni m'madzi. Nkhanu za m'mitsinje yathu zimanyamula ana awo pamimba. Mukadya imodziyo mwadya ndiwo za chaka chamawa.

Makolo athu amanola mpeni asanazinge nkhuku, ndipo amaipha mwachangu. Palibe amawaseka. Nanga nkhanu yalakwanji? Kapena chifukwa choti ilibe mawu olirira?

Amene simukugwirizana nane, musang'ambe pepalali kapena kulembapo zachipongwe m'mbali. Lembani yankho lanu, mupereke kwa a patroni, alipachike pompano sabata yamawa. Ndiliwerenga.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2