MALATA AFIKA M'MIDZI, KOMA NYUMBA IYENERA KUPUMA

Aliyense woyenda m'midzi ya dziko lino aona kuti matsindwi a udzu alikuchepa ndipo malata alikuchuluka. Boma linathandiza ntchito imeneyi pamene linayamba kupereka malata ndi simenti pa mtengo wotsika m'chaka cha 2014, ndipo mabanja ambiri amene nyumba zawo zinagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023 amangiranso malata. Ichi ndi chitukuko chenicheni, pakuti malata sadontha msanga, sagwira moto ngati udzu, ndipo amapumitsa banja ku ntchito yofolera chaka ndi chaka. Koma pali kanthu kamodzi kamene amisiri ndi eni nyumba ayenera kukaganizira bwino.

Udzu uli ndi mphamvu imene malata alibe. Pakati pa udzu pamakhala mpweya wotsekereza kutentha kwa dzuwa masana ndi kusunga kufunda usiku. Lata ndi chitsulo chopyapyala: dzuwa likaliomba limatentha kufikira munthu sangaligwire, ndipo kutenthako kumatsikira pa anthu okhala pansi pake. Mu Okutobala 2023 a Nthambi ya Zanyengo anachenjeza kuti kuchigwa cha Shire kungatenthe kufika madigiri 44. Pa masiku otere nyumba ya malata yopanda siling'i ikhala ngati uvuni, ndipo ovutika koposa ndi makanda, nkhalamba ndi odwala.

Nkhaniyi ikhudzanso malungo. Udzudzu woyambitsa matendawa ukonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Chifukwa chake kuyambira 2016 kufikira 2018 akatswiri a zaumoyo anayesa, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa, njira yomata mipata imeneyi ndi kuika waya wa sefa m'mazenera. Tsono vuto lili apa: mukamata mipata yonse osasiya potulukira mpweya, nyumba itentha koposa, ndipo munthu wothodwa ndi thukuta amataya neti kapena kukagona pakhonde, kumene udzudzu umamudikira. Kumata ndi kutsegula ziyenera kuyendera limodzi.

Kumapiri, monga ku Dedza ndi ku Mzuzu, vuto ndi lina. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wofunda wa m'nyumba ukakhudza lata lozizira umasanduka madzi, amene amadonthera pansi, naoletsa mapaso ndi kudzetsa dzimbiri. Choopsa kwenikweni ndi mbaula ya makala m'chipinda chotsekedwa ponse, pakuti makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Mankhwala ake safuna chuma chambiri. Siling'i ya nsungwi, bango kapena mphasa itchinga kutentha kochuluka. Pamwamba pa siling'iyo pasiyidwe timazenera tiwiri toyang'anizana, totchinga ndi sefa, kuti mpweya wotentha uzituluka. Penti yoyera pa malata ibweza dzuwa, khoma lotalikirapo litalikitsa chitsulo ndi mitu ya anthu, ndipo mtengo wa mthunzi kumadzulo kwa nyumba uthandiza madzulo.

Kotero tipempha mafumu, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja kuti aphunzitse zimenezi nyumba isanafoleredwe, pakuti kukonza denga lomangidwa kale kumadya ndalama zambiri kuposa kulimanga bwino poyamba.