Naphiri ndi Nabanda asatayike

Pitani pamsika wa Mponela kapena pa boma la Ntchisi mukaitane kuti “a Phiri!”, muona anthu angati atembenuka. Maina a Phiri ndi Banda anafala kuchokera kuno mpaka ku Chipata ndi ku Tete, ndipo akuluakulu amati anabadwa paulendo wa makolo athu: amene anagona paphiri anakhala a Phiri, amene anawanda udzu m'munsi namangapo misasa anakhala a Banda. Ku Italy nakonso aliko a Monti, anthu a kumapiri, koma mfunda wathu unkanyamula udindo. Kalonga wa Amaravi ankachokera kwa a Phiri, pamene Mwali, mkazi wake wamkulu, ankayenera kukhala wa kwa Banda, eni nthaka ndi opempha mvula. Chondiwawa n'chakuti mfunda wa amayi ukuzilala. Kumudzi gogo akamapeta mphale, mpongozi amagwada chapatali n'kunena kuti “Nabanda, mwaswera bwanji?”, ulemu wonse uli m'dzinalo. Koma pa chiphaso cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017, ambiri mwa amayiwa anangolembedwa Banda, ena dzina la amuna awo. Adzukulu akukula osadziwa kuti agogo awo ndi Naphiri kapena Nambewe.